Mvula Yopanda Matope

Ndayenda malo ambiri, poyamba wapansi, masiku ano pa matola, koma nkhani imene imakana kundichoka ndi iyi. Ndinaimva kwa mmisiri wina wa mphasa nditausa mvula pakhonde pake. Nanunso ana muimve, poti miyambi siku hizi timangoitchula osadziwa kwawo.

Kalekale, pamudzi wina wa kuchigwa mvula inakana. Nyengo yodzala inafika kumwamba kuli mbee. Chakudya chinali chitatha, kungotsala mbewu ya mapira m'zikwatu, ndipo imeneyo ikanawonongeka ina kunalibe. Anthu anasankha amuna awiri, Kanjedza ndi mlamu wake Chatsalira, kuti akapemphe mvula ku kachisi wa kumapiri, ulendo wa masiku ambiri. Anawapatsa nsalu yakuda ndi mbuzi yakuda.

Njira inkadutsa m'dambo lalikulu la makande. Popita linali louma, long'ambikang'ambika. Kanjedza anali ndi mang'a m'zidendene, ndipo ankayenda akuyang'ana kumwamba.

"Alamu, kodi ikatipeza pobwerera, dambo ili tidzaoloka bwanji? Matope ake amafika m'chiuno."

"Tikukapempha mvula, inu mukuopa kuti atipatsa?" anaseka Chatsalira. "Mlongo wanga anakwatiwa ndi mphaka ndithu."

"Sekani. Mapazi ndi anga."

Ku kachisi sanapeze munthu. M'nkhalango monse munalibe mbalame yolira. Anayala nsalu, namangirira mbuzi, naomba m'manja. Patapita nthawi mawu anachokera kuseri kwa mpanda wa bango, osadziwika ngati a mwamuna kapena a mkazi.

"Mwadzera mvula. Ibwere yokha, kapena ndi mwana wake?"

"Mwana wake ndiye uti, agogo?" anafunsa Kanjedza.

"Amene amatsala iyo ikapita."

Chatsalira anali akusinkhabe, koma Kanjedza anakumbukira dambo lija. "Ibwere yokha."

Mbuzi inaleka kulira. "Pitani," anatero mawuwo.

Mvula inawapeza pakati pa dambo, ya mabingu, yochita mkokomo. Ananyowa mpaka kunjenjemera. Kenaka Chatsalira anaima.

"Alamu, tayang'anani pansi."

Madontho ankagwa n'kulowa m'nthaka osasiya chinyontho. Fumbi linkabukabe m'mapazi mwawo. Fungo lija la mvula yoyamba kunalibe, ndipo ngakhale chule mmodzi sanalire. Anayenda mpaka kumudzi, mitu ikudontha madzi, mapazi ali otuwa.

Kumudzi anthu anali atavina kale, ena atadzala. Mvula inagwa tsiku ndi tsiku mpaka madenga kuyamba kuola, koma nthaka inali gwa. Ngumbi sizinatuluke. Mayi wina anathira mtsuko wathunthu pa dothi kuti azire m'nyumba, dothi linangomwa, n'kukhala monga linalili. Amene anadzala anakafukula m'mapando, napeza mbewu ili youma, ina chiswe chitadya.

Tsiku lina Chatsalira anapeza mlamu wake atakhala kuseri kwa nkhokwe.

"Zimene munayankha ku kachisi sindinaulule kwa aliyense, ngakhale kwa Nasimango mlongo wanga. Koma mbewu yatsala chikwatu chimodzi mudzi wonse."

"Mbuzi ina yakuda ilipo?"

"Palibe."

"Nanga ndikapereka chiyani?"

Chatsalira anayang'ana kumbali. M'mawa mwake Kanjedza anatsazika mkazi wake, nanyamuka yekha chimanjamanja kubwerera ku kachisi.

Anthu anadikira. Ndiye tsiku lina, dzuwa lili pamutu, kopanda ndi kamtambo komwe, pansi panayamba kununkhira mvula. Bwalo linada. Matope anatuluka okha m'nthaka, onse aja amene anakanizidwa, nafika m'maondo. Ana anagwa, mbuzi zinatitimira, zipupa zina zinakhala pansi. Palibe anadandaula. Anadzala chikwatu chomaliza chija miyendo ikumira, ndipo mapira anamera.

Kanjedza sanabwere. Amuna anapita kukamufuna, koma dambo linali losaoloka, ndipo anaitana dzina lake osayankhidwa. Pobwerera anaona mapazi a munthu mmodzi m'matope, ozama ngati a wosenza katundu wolemera. Mapaziwo anachokera kudambo, nadutsa pabwalo, nakathera pakhomo pa Nasimango. Iye anati anamva munthu akupukuta mapazi panja, koma atatsegula sanaone aliyense.

Kuchokera pamenepo akuluakulu amati, "Walira mvula, walira matope." Tanthauzo lake n'lakuti chabwino chilichonse chimadza ndi zovuta zake, ndipo ziwirizi sizilekana. Wofuna banja alandirenso mikangano yake, wofuna sukulu alandire kudzuka m'mamawa, wofuna kuona dziko ngati ine alandire kugona pakhomo pa eni. Ukasankhamo chokoma chokha, zimene wakanazo sizifa ayi. Zimangodikira, n'kudzabwera zonse tsiku limodzi.