Makapeti Atatu, Balaza Limodzi

Kalekale, koma osati kale loti mafoni kunalibe, pa tauni ya Dedza panali mayi wina wamasiye, aNachisale, amene nyamakazi inawagwira mawondo. Kuzizira kwa pa Dedza mukukudziwa inu. Ikafika Juni simenti ya pabalaza imaluma kumapazi, ndipo mayiwa ankayenda m'nyumba mwawo momwe akukukuta mano. Ana awo atatu, Mzati wa ku Lilongwe, Mwandida amene ankakhala nawo pakhomo, ndi Lonjezo wa ku Joni, anagwirizana kuti chisanu cha chaka chimenecho chipeze pabalaza pali kapeti.

Anayamba ndi Mwandida. Anapita kwa a Kamphinda, mkulu wa kashopu ka makapeti ndi makatani kuseri kwa msika, mnzawo wa malemu bambo ake, a Gwaza. Mkuluyu sankagulitsa asanaone nyumba. Anabwera ndi tepi yake, nagwada pansi, kuyeza uku, kuyeza uko, kenaka n'kuyamba kuseka.

"Bambo ako nyumbayi anamanga ndi maso, chingwe analibe nacho ntchito," anatero. "Khoma ili likuthawa. Kapeti yowongoka siingagone muno. Ndidule mokhota momwemu?"

"Dulani, bambo," anayankha Mwandida. "Nanga chikole?"

"Mwana wa Gwaza andipatse chikole? Mawu ako akwana. Undipatse milungu iwiri ndisoke m'mphepete."

Dziwani kuti kapeti ikadulidwa pampukutu sibwereranso, ndipo yodulidwa motsata khoma la a Gwaza palibe nyumba ina pa Dedza ponse imene ingailandire. Mwandida ankadziwa zimenezi. Mosangalala anajambula kapepala ka miyeso kaja n'kutumizira alongo ake pa foni kuti aone kuti ntchito yayambika.

Mzati ataona kapepalako anapita Loweruka m'sitolo ina yaikulu ya mumzinda, momwe mipukutu imafika kudenga. Anapeza yokhuthala, yamtengo wotsikirapo, anampatsa ndi lisiti lomwe. Anyamata a m'sitolomo anaona mulitali ndi mulifupi pa foni yake, n'kudula mowongoka bwino. Mzati anaimba ali pakhomo la sitolo. "Mwandi, ndagula kale. Akuluwo ukawauze asiye." Mwandida anati, "Chabwino, achimwene." Zoti anali atanena kale kuti dulani sanazitchule, ndipo Mzati naye sanafunse.

Lonjezo anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kwawo, ndipo mtima unkamupweteka kuti anzake ndiwo akuonekera kwa mayi. Nthawi yoyenda m'mashopu analibe. Anatsegula foni pa nthawi yopuma, naona pa intaneti kapeti yaubweya, yowala ngati ya m'nyumba ya bwana. Anaitanitsa, ikadali m'pulasitiki n'kuikweza basi. Kenaka analembera mlongo wake kuti, "Akuluwo musawauze kanthu, achemwali. Mukangokhala chete adziwa okha. Kupita kukawauza n'kuwachititsa manyazi."

Ndiye taonani Mwandida. Wamkulu akuti kanene, wamng'ono akuti khala chete. Anasankha chopepuka. Milungu iwiri yathunthu, popita ku msika ankazungulira njira ya kuchigayo, munthu wamkulu ngati iye, kuthawa kashopu kamodzi. Tsiku lina anaiwala n'kudutsa pomwepo. A Kamphinda anatukula sizasi m'mwamba nati, "Ndikusoka m'mphepete, mwananga!" Iye anangokweza dzanja n'kufulumiza miyendo. Manyazi anamugwira mpaka chakudya cha masana chinamukanika, komabe sanabwerere.

Kapeti ya Mzati inafika. Atayala, kumbali ya khoma lothawa lija kunatsala simenti yoonekera, kuyamba ngati chala mpaka kukula ngati chikhatho, ndipo kuchitseko inatukumuka moti chitsekocho chinkakana kutseguka. Kusitolo anayankha mwaulemu kuti anadula momwe anauzidwira. Ya Lonjezo nayo inatsika basi. Ija inkadzaza chithunzi inapezeka kuti ndi yongokwana munthu mmodzi kugwadapo, ndipo wogulitsayo foni sankayankhanso. Koma kufewa kokha inali yofewa, ndipo aNachisale anapondapo mapazi onse awiri n'kumwetulira.

"Nanga a Kamphinda?" anafunsa mayiwo.

"Tinakambirana, amayi," anatero Mwandida, maso ali pansi. Bodza limeneli ndi lomwe linkamuwawa koposa zonse.

Loweruka linalo m'mawa kunamveka odi. Anali a Kamphinda, akukankha njinga, mpukutu wobiriwira atamanga kumbuyo, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira choncho. Anavula nsapato, nalowa, naima. Anayang'ana kapeti yaikulu, anayang'ana yaing'ono, anayang'ana Mwandida. Abale, bola akanakalipa. Mkuluyo anangotulutsa mpeni m'thumba, nagwada, nadula potukumuka paja, chidutswacho n'kukachimata ndi guluu kumbali yotsala simenti. Chitseko chinatseguka bwinobwino. Tiyi amene anampatsa anamwa yense.

"Ndi yabwino, aNachisale," anatero. "Ana anu amakukondani."

A Kamphinda atatuluka, Mwandida anawathamangira pamsewu. "Bambo, isiyeni, tigula basi."

"Uyala pati, mwananga? Padenga? Ayi. Chinthu chogula chifukwa cha manyazi sindigulitsa ine."

Anakankha njinga yake, mpukutu uli pomwepo. Pofika Lolemba, pakhonde la kashopu kaja panali mulu wa timakapeti tobiriwira topukutira mapazi pakhomo. Anali ataiduladula yonse, ntchito ya milungu iwiri.

Nkhani ya timakapetito inawapeza aNachisale kudzera kwa amayi a mvano. Sanakuwe. Anatenga mpando wawo n'kukauika pakhonde, pamphepo, nauza Mwandida kuti aimbire alongo ake, foni aikweze mawu onse amve.

"Bambo anu atamwalira, amene anakuta m'bokosi mwawo ndi nsalu yoyera ndi munthu ameneyu, ndipo palibe anachita kumupempha. Lero ndikumana naye kutchalitchi ndiyang'ane kuti? Pabalaza paja ine sindipondapo mpaka amene walakwa atenge nkhuku akagwade kwa a Kamphinda. Ndati mmodzi. Mukapita atatu muzikabisalana, aliyense kudikira mnzake ayambe."

Mzati anati, "Amayi, ine ndinanena kuti awauze. Ndikanadziwa bwanji kuti adula?" Koma mawu ake anali otsika, chifukwa ankadziwa kuti miyeso imene analowa nayo m'sitolo inali ya munthu amene anagwada pasimenti yozizira, ndipo zikomo sanamutumizire.

Lonjezo anati, "Ine ndili kutali, sindinalonjeze munthu kanthu. Ndinkafuna kuwateteza akuluwo." Uthenga wake uja unali ukadali pa foni, aliyense ankatha kuuwerenga.

Mwandida sanadziteteze. Anati, "Ndine ndinati dulani, ndinenso ndinanama. Ndipita ine." Koma aNachisale anapukusa mutu. "Iwe umavomera chilichonse. Achimwene ako atati ndagula, unati chabwino. Uyu atati khala chete, unakhala. Lero ukufuna kuvomeranso kuti awiriwa apume. Ndikufuna wolakwa, osati wofulumira kugwada."

Ndiye zinthu zinaima pamenepo. Juni analowa. Pabalaza pali kapeti yofunda, yokwana khoma ndi khoma, koma palibe akupondapo. Mayi ali pakhonde, chitenje chili m'mapewa, mawondo akutupa tsiku ndi tsiku. Mwandida amawabweretsera madzi otentha m'botolo, ndipo akamawasisita miyendo misozi imangotsika yokha. Nkhuku anagula kale, ili pachingwe kuseri kwa khitchini.

Tsono inu mwamva zonse, ine sindiweruza. Mayiwa akuzizidwa, musachedwe. Nkhuku ija ainyamule ndani: Mwandida amene anapereka mawu kenaka n'kuzungulira njira ya kuchigayo, Mzati amene anatenga miyeso ya mwini kukagulira kwina osafunsa, kapena Lonjezo amene ali kutali komweko anatseka pakamwa pa mlongo wake?