Fomyula ya Changu

M'kaofesi ka kuseri kwa labu ya chipatala china munkagwira ntchito bambo wina amene anzake ankamutcha Changu, poti zala zake zinkathamanga pa kompyuta kusiya mutu m'mbuyo. Zotsatira za magazi zikatuluka m'makina, iye ankazidutsitsa mu fomyula, ndondomeko ya masamu ya pa kompyuta, yosintha manambala a shuga kukhala muyezo umene madokotala amawerenga. Fomyula yomweyo inkasankhanso odwala oyenera kuimbiridwa foni msanga.

Koma fomyula yakeyo, abale, inali yaitali ngati chingwe choyanikapo zovala. Masamu osinthira muyezo anangowakopera paliponse pamene ankafunika, apa ndi apo, moti mwini wakeyo ankasochera poiwerenga. Mayi amene ankakhala naye tebulo limodzi anamulangiza kuti masamuwo awalembe kamodzi kokha pamwamba pa fomyulayo, awapatse dzina, ndipo m'munsi monse azingotchula dzinalo. Tsiku lofuna kusintha adzangokonza malo amodzi basi.

"Mwana wokhala ndi dzina savuta kuitana, achimwene," anatero mayiyo.

Changu anaseka, nati iye sanalembedwe ntchito yotcha ana mayina. Mayiyo ananena kawiri, katatu, kenako anatseka pakamwa.

Patapita miyezi kunabwera makina atsopano, otulutsa manambala osinthidwa kale. Changu anayenda mu fomyula muja akufufuta masamu akale, uku akucheza pa foni. Anafufuta ponse kupatula malo amodzi, kumchira kwenikweni, pamene pankasankhidwa oimbiridwa foni. Pamenepo nambala yogawidwa kale inkagawidwanso, ndipo shuga wa aliyense ankaoneka wofatsa.

Masiku omwewo apongozi ake aamuna anabwera kudzayezetsa, atadandaula za ludzu losatha ndi maso achimbuuzi. Changu anangosuzumira pa mayina a oitanidwa, sanawaonepo, ndipo madzulo anauza mkazi wake kuti bambo ali bwinobwino, ndi ukalamba chabe.

Sabata itatha, mayi uja anafunsa ngati anthu onse achira shuga nthawi imodzi, popeza foni ya pa tebulo inali itachita fumbi.  Changu anatsegula fomyula ija n'kuyamba kuitsata ndi chala pa galasi la kompyuta, mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu, akubwerera pamene wadutsa kale chifukwa ponse pankafanana. Atapeza kachidutswa kaja n'kukafufuta, mayina ofiira a odwala oyenera kuimbiridwa foni anatsika mpaka kudzaza galasi lonse. La apongozi ake linali pafupi ndi pamwamba.

Anaimba foni ya mkuluyo. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. Mayi uja anangokoka foni ya ofesi n'kuyamba kuimbira ena aja mmodzimmodzi.

Ataimba kachitatu, mkazi wa Changu yemweyo ndiye anayankha, mawu ake akumveka pakati pa phokoso la galimoto. Bambo anali atakomoka m'bafa, ndipo anali nawo pa msewu kubwera kuchipatala komweko.

"Paja munati ali bwino, bambo a mwana," anatero motsitsa mawu, n'kudula foni.

Changu anatuluka kukaima pa khomo la odwala mwakayakaya, akudzuma pa galimoto iliyonse yolowa pa geti. Akulu sananame: mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.