Munthu Amene Anatuma Mlamu Wake Kukavuula Injini

Panali munthu wina, mwini boti lonyamula anthu ndi katundu kupita kuzilumba. Tsiku lina m'mawa, mwera utavuta, injini ya botilo inazuka n'kugwera m'madzi. Mwini botiyo anamangirira mwala kuchingwe n'kuyesa kuya kwa malowo. Anapeza mamita makumi anayi ndi asanu.

Anapita kwa katswiri wina wotsika pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana, amene anali atagwira ntchitoyo zaka makumi awiri. Katswiriyo anati, "Kumeneko n'kozama. Sindingatsike ndekha. Mnzanga abwera Lachisanu, mudikire."

Mwini boti sanafune kudikira. Anali ndi mlamu wake, Malizani, kalipentala, bambo wa ana atatu. Malizani anali ataphunzirako ntchito yotsika m'madziyi masiku anayi okha. Aphunzitsi ake anamuuza zinthu ziwiri mobwerezabwereza: asapitirire mamita khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo asatsike yekha.

Mwini boti anamuitanitsa kudoko, pamaso pa anthu.

"Alamu, si inu muli ndi chitupa cha ntchito imeneyi?"

"Chitupa changa n'cha madzi osaya, alamu."

"Madzi ndi madzi basi. Inu mukangomanga chingwe, ife tikoka. Kapena chitupacho munachita kugula?"

Anthu anaseka. Malizani anagwidwa ndi manyazi, ndipo anakabwereka silinda.

Anatsika yekha, akutsatira chingwe. Atafika pa malire amene anaphunzitsidwa, anaima pang'ono. Anayang'ana kumwamba n'kuona mthunzi wa boti la anthu omudikira. Kenako anapitirira.

Pansi pakuyapo mpweya umaledzeretsa ngati kachasu, ndipo munthu sadziwa kuti waledzera. Malizani anayamba kumva bwino. Mantha onse anatha. Anaipeza injini itagona m'matope, nayamba kumanga mfundo. Zala zinkakana. Anamanga, namasula, namanganso. Sanadziwe kuti kozama chotero silinda imatha msangamsanga, ndipo geji yosonyeza mpweya wotsala anaiiwaliratu.

Anakumbukira pamene anakoka mpweya koma osabwera.

Munthu wochokera kozama amayenera kukwera pang'onopang'ono, akuima m'njira, kuti mpweya umene walowa m'magazi utuluke bwino. Malizani analibe mpata umenewo. Anathamangira kumwamba. Magazi ake anachita thovu ngati chakumwa cha m'botolo chimene achikhutchumula n'kuchitsegula mwadzidzidzi.

Atatulukira, anthu anaomba m'manja. Mfundo inali itagwira, ndipo injini inavuulidwa. Pasanathe theka la ola, Malizani anati mapewa akuwawa. Kenako anati miyendo sakuimva.

"N'kutopa chabe kumeneko, mupatseni tiyi," anatero mwini boti, maso ali pa injini.

Anthu anamunyamula pamene anaona kuti akulephera kuimirira. Kuchipatala kumene anapita naye kunalibe makina ochizira vuto lotere. Madokotala anachita zimene akanatha. Malizani sanayendenso.

Injini ija amakanika anaitsuka, ndipo inalira Lachinayi. Mwini boti anapita kukazonda mlamu wake atanyamula paketi ya shuga. Anakhala pampando umene Malizani anakhoma ndi manja ake, napukusa mutu, nati, "Pepani alamu. Ngozi siona nkhope."

Mlongo wake, mkazi wa Malizani, anamubwezera shugayo m'manja. Anati, "Achimwene, ngozi ndi imene munthu sanauzidwe. Inu munauzidwa."

Tsono inu amene mwalandira zitupa za ntchito yotsika m'madzi lero, ndimvereni. Nkhaniyi imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikamainena. Munthu ameneyu sanalumale chifukwa cha umbuli, pakuti malire ake ankawadziwa. Amene anamukankha ndi munthu amene sanalowepo m'madzi kupitirira m'chiuno, ndiponso anthu oseka aja, amene palibe ndi mmodzi yemwe anati, "Musiyeni."

Nanunso adzabwera kwa inu. Adzakhala abwana anu, anzanu, kapena abale anu enieni. Adzati ndinu amantha. Muwayang'ane bwino: iwo adzatsala m'boti, zovala zili zouma. Mukane. Ngati akuseka, sekani nawo, koma silinda musaigwire. Manyazi amatha ikangotha sabata. Miyendo palibe amene adzakubwezereni.