Mpando wa Miyendo 37

Ngakhale anapuma ntchito zaka khumi zapitazo, aliyense ankawatchulabe kuti a Sekilitale. Moyo wawo wonse anakhala akugogoda taipi mu ofesi, zala zikuthamanga maso ali kwina. Choncho amuna awo atamaliza kulemba buku la ukalipentala, makope asanu ndi limodzi odzaza ndi inki, panalibe wofunsa kuti alitaipa ndani.

Bambowo anaphunzitsa achinyamata kupala matabwa mpaka pamene matenda anawapha dzanja lamanja. Masamba omaliza anawalemba ndi lamanzere, zilembo zikudzandira ngati nyerere zoledzera. Khumbo lawo linali limodzi. Ophunzira awo akale anapangana kudzawaona Loweruka lina, ndipo iwo ankafuna kuti aliyense adzabwerere kwawo ndi buku m'manja.

A Sekilitale anakankhira makapu kumbali, naika kompyuta patebulo lodyera. Ankaigwira ngati taipi yawo yakale. Mutu wa nkhani akaufuna pakati, ankagogoda batani losiya mpata mpaka mawuwo afike pomwe diso lakonda. Chaputala chikatha, ankatsitsa mizere yopanda kanthu mpaka tsamba latsopano litulukire. Manambala a masamba ankawalemba okha mmunsi, imodziimodzi.

Tsiku lina mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, atabwera kudzacheza anasuzumira paphewa pawo.

"Amayi, zimenezo makinawa amachita okha. Ndikuonetseni pang'ono?"

"Mwananga, ine ndinayamba kutaipa inu musanamere mano. Pitani mukaone mphika."

Mpongoziyo anabwerera kukhitchini.

Masabata atatu anatha, msana ukuwawa. Lolemba la sabata ya alendo, a Sekilitale anasunga bukulo mu fulashi, ulendo kwa wosindikiza. Kashopu kake kanali kopapatiza, konunkha inki ndi guluu, mapepala ataunjikana mpaka kudenga.

"Mabuku makumi asanu, bambo. Yambani lero lomwe."

Wosindikizayo anakankhira magalasi pamphuno. "Mayi, mwakonza pa pepala lalikulu la makalata, pomwe buku limakhala laling'ono. Ndichepetse tsamba, nditulutse limodzi muone kaye."

"Ndaliwerenga katatu ine. Mulibe cholakwika ngakhale kadontho."

"Limodzi lokha, mayi. Ndi chizolowezi changa."

Makina analira, nalavula masamba ofunda. A Sekilitale atatsegula, mtima unagwa. Mutu wa chaputala chachiwiri unali wokhawokha kumunsi kwa tsamba ngati chipewa choiwalika pabenchi. Kutsogolo kwake kunali masamba awiri oyera mbee. Manambala aja anali atasamuka, kukalowa pakati pa mawu. Pamene bambo analemba zopanga mpando panali potere: "Dulani miyendo 37 inayi yofanana."

A Sekilitale anakhala pa katoni ya mapepala. Anaona m'maganizo dzanja lamanzere lija likukwawa pa kope, ndi ophunzira akale akubisa kuseka pamaso pa mphunzitsi wawo.

"Kusindikiza, kudula ndi kumata zimandidyera masiku atatu," anatero wosindikiza modekha. "Mukalibweretsa mawa mmawa lili bwino, Loweruka mudzakhala nawo."

Mawa mmawa? Ntchito ya masabata atatu! A Sekilitale anatuluka osatsanzika bwino. Pamphambano anaima kanthawi. Njira ya kwawo anaisiya, natenga yopita kwa mwana wawo.

Anapeza mpongozi akusita zovala. Anaika masamba aja pa tebulo, kenako anakonza kukhosi.

"Mwananga, ndabwera ndi manyazi anga m'manja. Paja munati makinawa amachita okha?"

Mpongoziyo anawerenga, nayesetsa kumanga nkhope. Atafika pa miyendo ija analephera, ndipo a Sekilitale nawo anaphulika mpaka misozi.

"Musade nkhawa, amayi. Ntchito yeniyeni munaigwira kale. Mawuwa ali bwinobwino, changotsala ndi kuwakhazika."

Anazimitsa simbi, natsegula kompyuta yake n'kulowetsamo fulashi ija. Poyamba anaika kukula kwa tsamba kuti kufanane ndi buku lenileni. Kenako anauza makinawo kuti asake mipata yonse yongowonjezera ndi kuichotsa. Kuphethira kamodzi, zikwi za mipata imene a Sekilitale anaigogoda ndi thukuta zinasowa. Manambala olemba pamanja anawafufuta limodzi, wina akusaka wina akuloza. Atatero anawaonetsa momwe amadindira mutu kuti makina adziwe kuti uwu ndi mutu, ndi momwe amalamulira chaputala kuti chiyambire tsamba lakelake.

"Choyambachi ndapanga ine. Zotsalazi pangani ndinu."

Zala zakale zija sizinachedwe kugwira njira. Pofika chaputala chachinayi, mpongozi anali atabwerera ku simbi yake. Manambala anadzindandalika okha mmunsi, ndipo tsamba la zamkatimu linadzilemba lokha.

"Kalanga ine," anatero a Sekilitale atagwira pakamwa. "Ndiye ndinkavutikiranji?"

Dzuwa lisanalowe anali atamaliza. Anapuma mpweya wautali, nazindikira kuti chiyambire mmawa sanamwe ngakhale madzi.

Loweruka nyumba inadzaza amuna a zikhatho zokhakhala. Bambo anatenga buku ndi dzanja lamanzere, nalinunkhiza kaye, kenako anayamba kutembenuza masamba pang'onopang'ono.

"Mayi, mwalipala bwino ili. Palibe pokhakhala."

"Thokozani apongozi anuwo," anayankha a Sekilitale. "Ine ndekha ndikanakuchititsani manyazi."

Buku loyamba lolakwika lija a Sekilitale sanalitaye. Analibisa pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo amalitulutsa akamva mnzawo akudzitama kuti palibe chimene angaphunzitsidwe ndi mwana wa dzulo. Iwo phula analilawako pang'ono chabe, mwamwayi n'kulavula msanga, koma kukoma kwake amakudziwa: safunsa anadya phula.