Munga Umodzi Basi

Padangokhala, ana inu, kale nyama zikukhala m'nyumba za lendi ngati ifemu, padali mizinda iwiri yoyandikana. Wa pamwamba unkatchedwa Chitunda, wa kumunsi Mtsetse. Ku Chitunda kunkakhala Nungu, mkazi wake ndi ana awo atatu, mu una wa Njiri. Lendi idali mizu isanu ndi umodzi ya chinangwa pamwezi.

M'mawa wina Njiri adafika pakhomo. "Zinthu zakwera," adatero. "Kuyambira mwezi uno ndi mizu khumi. Mundiyankhe dzuwa lisanalowe, chifukwa Kanyimbi akuufuna unawu."

Bambo Nungu adapsa mtima. Bambo ameneyu, ndikuuzeni, adali wa pakamwa. Mitengo ya dziko lonse ankaidziwa asanapondeko.

"Ku Mtsetse zinthu n'zotchipa, a Khwangwala adandiuza. Mangani katundu!"

"Bambo a Kaminga, katunduyo tiyambe tamusiya," adatero mkazi wake. "Tiyeni tikaone mitengoyo ndi maso athu, kenako tidzayankhe."

"Chabwino, tsogolani. Ndikupezani."

Mayi Nungu adatsekera ana mu una n'kutsogola. Mwamuna wake adatulukira pambuyo pake akuimba mluzu, ngati munthu amene wangomaliza ntchito yabwino.

Pachipata cha Mtsetse adawalandira Kambuku, mwini nyumba zonse ndi msika womwe, mano onse ali pamtunda.

"Kulowa ndi zingati?" adafunsa Mayi Nungu.

"Munga umodzi basi. Kuno sitivutitsa anthu ndi chinangwa ayi. Aliyense amalipira ndi chimene ali nacho pathupi. Mbalame nthenga, inu minga."

"Mwamva, amayi?" adaseka Bambo Nungu. "Chinangwa timachita kulima, koma minga imamera yokha!" Adazula munga wake, n'kuzulanso wina kulipirira mkazi.

Adalowa mumsika. Mulu wa mbatata? Munga umodzi basi. Bambo adazula. Chikho cha madzi? Munga umodzi basi. Bambo adazula. Kulawa uchi, kukhala pamthunzi, kufunsa njira, zonse munga umodzi basi. Bambo ankangozula, kukamwa kuli kodzaza, uku akuwerengera mokweza zimene akadalipira ku Chitunda.

Mayi Nungu sadagule kanthu. Adagwada pafupi ndi Nkhanga amene ankagulitsa mtedza, mapiko ake ali mbee.

"Mayi, nthenga zanu zidapita kuti?"

"Mumsika momwemuno, mnzanga," adanong'ona Nkhanga.

"Kodi sizimeranso?"

"Zimamera mwezi ukatha. Koma njala imabwera tsiku lililonse."

"Nanga bwanji osachoka?"

"Ndiuluke ndi chiyani? Pachipatapo pamakhala iwo aja." Nkhanga adadula mawu n'kuyamba kusanja mtedza wosanja kale, chifukwa Kambuku adali ataima kumbuyo kwawo.

"Tiyeni mukaone nyumba," adatero Kambuku.

Nyumba zake zidali zazikulu, zosesa bwino, koma zonse zili zii. M'nyumba yoyamba mudali mphasa yoyala ndi miphika pamafuwa.

"Eni ake a miphikayi ali kuti?" adafunsa Mayi Nungu.

"Adasamuka."

"N'kusiya miphika?"

"Adachoka mofulumira," adayankha Kambuku akunyambita milomo. "Lendi ndi munga umodzi basi patsiku. Muperekeretu ya mwezi, ndipo ikhale yaitali ya kumbuyo. Timinga ta m'khosi sitilandira."

Bambo Nungu adali atayamba kale kupapasa kumsana. Apa ndi pamene mkazi wake adamuyang'anitsitsa. Mayo! Msana wonse udali ngati nkhuku yososola. Mayi Nungu adachita mantha enieni, koma pankhope sadaonetse.

"Nyumbayi taikonda, achimwene. Tikatenge kaye ana."

Maso a Kambuku adawala. "Muli ndi ana? Angati? Minga yawo idakhwima?"

"Atatu. Akadali anthete."

"Pitani nokha, mayi. Abambowa atsale, apumule pamthunzi."

"Ayi, ndiwo osenza katundu. Bambo a Kaminga, tsogolani."

"Koma sitinalawe mbatata zowotcha zija," adadandaula Bambo Nungu.

"Ndati tsogolani. Musathamange, ndipo musacheuke."

Mawu amenewo sadali amasiku onse, ndipo bamboyo adamvera. Adadutsa mumsika, anthu onse ataweramitsa mitu. Kumbuyo kwawo kunkamveka mapazi ofewa. Iwo akafulumira, mapaziwo ankafulumira. Chipata chidali apo, chotsegula, koma Mayi Nungu ankaona ngati chikumka chitalikira.

Atatsala pang'ono kutuluka, mawu a Kambuku adamveka pafupi penipeni ndi mchira wa Mayi Nungu.

"Kutuluka, munga umodzi basi."

Bambo Nungu adapapasa kumsana, adapapasa m'nthiti. Padalibe ngakhale umodzi.

"Ngati mulibe, mutsala kuno mpaka imere," adatero Kambuku, ndipo kumwetulira kuja kudali kutatha.

"Ndiwalipirira ndine," adatero Mayi Nungu osacheuka. "Senderani pafupi, achimwene, musankhe nokha wautali."

Kambuku adasendera, adawerama, adayamba kusankha. Pomwepo Mayi Nungu adaimika minga yake yonse n'kubwerera chambuyo ndi mphamvu zake zonse. Minga pamphuno, minga m'masaya, minga palilime! Kambuku adakuwa n'kugubuduka m'fumbi.

"Chenji musunge!" adafuula Mayi Nungu. "Bambo, tsopano thamangani!"

Adakwera mtunda ali wefuwefu, dzuwa litapendeka kale.

"Tifulumire tikamuyankhe Njiri," adatero mkaziyo. "Mizu khumi tilipira."

Bambo Nungu adayang'ana kumbali.

"Bambo a Kaminga, mwandimva?"

"Amayi, ine ndamuyankha kale m'mawa muja. Ndamuuza kuti tikusamuka, ndipo una wakewo aziikamo mbatata."

Mayi Nungu adangowonjezera liwiro, misozi ili m'maso, mtima uli pa ana.

Adawapeza panja, atakhala pamwamba pa katundu, akulira mpaka mawu kusasa. Pakhomo Kanyimbi adali akusesa, ndipo fungo lake lidali litalowa kale mpaka kuchipinda. Mayi Nungu adawerenga ana ake, adawawerenganso, kenako adapita kukagwada kwa Njiri.

"Una uja wapita," adatero Njiri. "Watsala wa kudzala uja, wothonya. Ndi mizu khumi ndi iwiri, chifukwa chitonzo cha amuna anu ndachiikamonso."

"Tautenga," adatero Mayi Nungu.

Aka kadali koyamba chikwatiranireni kuti Bambo Nungu amve mtengo wa chinthu n'kukhala duu. Mawa lake adalawirira kumunda wa chinangwa atafunda chiguduli kumsana kuopa dzuwa, ndipo Khwangwala atamufunsa kuti ku Mtsetse zinthu zikuyenda bwanji, adangoloza mkazi wake.

Nthano yanga yafika pothera, ana inu, ndipo tengani ichi: musanasamuke musangofunsa kuti ndi zingati, funsaninso kuti muzidzalipira ndi chiyani.