Timinga pa Mtumbira wa Bambo a Twaibu

Twaibu anafika kwa Shehe Ajasi dzuwa likuyandikira pamutu, khasu lili paphewa, dzanja lina atafumbata. Ine ndinali pakhonde pomwepo, nditangoweruka kophunzitsa ku madrasa. Panali patatha milungu isanu chiikireni bambo ake m'manda.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Twaibu. Mphasa iyi, khalani."

"Pepani, sindikhala. Ndabwera kudzakudziwitsani kuti lero ndikukafukula manda a bambo."

Anatambasula dzanja. Munali tizikhungwa titatu ta tizilombo.

"Izi zatuluka pamtumbira wawo, mitu itayang'ana kumwamba. Amalume, Che Mbwana, akuti n'chizindikiro choti bambo akulangidwa m'manda, poti nthawi zina ankadumpha mapemphero a swala. Mudzi wonse ukunena zomwezo. Mayi sakudya. Ine ndaleka kuwachitira bambo duwa yowapempherera kwa Allah, lero ndi tsiku lachitatu, chifukwa ndikuona ngati n'kutaya nthawi. Ndikufuna ndikadzionere ndekha."

Kunena zoona, mtima unandiwira. Che Mbwana amene uja, woti Lachisanu amalowa mumzikiti ulaliki wa khutuba utatha, lero wasanduka katswiri wa za m'manda! Koma Shehe sanakweze mawu.

"Che Twaibu, chonde ndiuzeni zimene maso anu akuona, osati zimene mwamva."

Twaibu anatembenuza kachikhungwa kamodzi ndi chala.

"N'kofiirira, kouma gwa, kotalika ngati mfundo imodzi ya chala. Kumutu kuli timinga tokhota. Pamimba pali mizere yozungulira, mzere uliwonse uli ndi timinga take."

"Timingato tayang'ana kuti?"

"Kumbuyo."

"Nanga pachifuwa?"

"Pakuoneka ngati panali miyendo ndi mapiko zopindidwa. Kumsana n'kong'ambika. M'kati mulibe kanthu."

"Mwaona bwino. Ndibwerekeni khasulo."

Tinawatsatira kumunda wawo wa chinangwa, kuseri kwa nyumba, kumene dothi lake ndi lamchenga ngati la kumanda kuja. Nkhalamba ija inayamba kukumba. Malo oyamba sanapeze kanthu, achiwiri chimodzimodzi. Thukuta linali kamukamu, mkanjo utamatirira kumsana. Ndinawapempha kuti ndiwalandire, anakana.

"Munthu uyu sachoka pano asanaone," anatero.

Pa malo achisanu ndi chimodzi anawerama n'kutola kachilombo kamoyo, kofanana ndendende ndi tija ta m'dzanja la Twaibu. Anakaika m'kadzenje, n'kukakwirira pang'ono. Tinadikira. Mchenga unayamba kugwedera, kenaka mutu wa timinga uja unatulukira. Twaibu anangoti kukamwa yasa.

"Kameneka kanali mphutsi ya m'dothi," anatero Shehe. "Timinga takumutu n'tobowolera njira, tapamimba n'toletsa kuti kasabwerere pansi kakamakwera. Kakafika pamwamba kamang'ambika kumsana, mumatuluka ntchentche yaitali ija, ya ndevu, imene imawakha zinzake m'malere. Allah anakapatsa zida zokwanira ulendo wake, basi. Ngati ichi n'chilango, ndiye kuti chinangwa changachi chinachimwa kwambiri."

Ine ndinaseka. Twaibu sanaseke. Misozi inali italengeza.

"Ndamva, Shehe. Komabe ndiuzeni, inu amene munawerenga mabuku: bambo anga ali bwanji kumeneko?"

Shehe anapukuta manja.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Sindinauzidwe, ndipo amalume anu sanauzidwe. Ngakhale mutakumba mpaka pansi, mukapeza nsalu ndi mafupa, chifukwa zimenezo Allah anazibisira maso a amoyo. Chimene ndikudziwa n'chakuti duwa ya mwana imamufika kholo lake, kaya lili pamtendere kaya lili pamavuto. Ngati amalume anu akunama, mwawamana bambo anu mphatso. Ngati akunena zoona, mwawasiya okha pa nthawi imene akukufunani koposa. Tiyeni tikatawaze, tidziyeretse ndi madzi, mukayambirenso duwa lero."