Mawondo Amene Sanabwererenso ku Chipatala

Panali dokotala wina wa mafupa, a Liwewe, amene ankakonza mawondo. Mtsempha wogwira bondo ukaduka, iwo ankatenga wina kuseri kwa ntchafu ya wodwala yemweyo, kuboola mafupa awiri a pabondo, n'kuulowetsa m'mabowomo. Chotsala chinali kuumanga kuti usasunthe mpaka fupa litaugwira lokha. Njira zinalipo ziwiri. Ina inali ya sikuluwu, yopanikiza mtsemphawo m'bowo. Ina inali ya batani, yopachika mtsemphawo ndi kachingwe pa kachitsulo kogona kunja kwa fupa.

Kwa zaka zisanu ankagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri ndipo ankalemba m'buku. Atawerenga bukulo anapeza kuti anthu a batani ankabwerera kawirikawiri, wina kutupa, wina kuphwanya kukazizira. A sikuluwu ambiri sanabwerenso. Pa dzina la aliyense wosabwerera, a Liwewe anali atalemba kuti "anachira". Choncho anaganiza zosiyiratu batani.

Sabata imeneyo kunabwera Esinati, mphunzitsi wa masamu amene ankasewera mpira wamanja. Bondo linamuthawa akutera, ndipo ankafuna kudzaseweranso. A Liwewe anamuonetsa bukulo, nati adzamuika sikuluwu Lachinayi.

Esinati anayendetsa chala m'maina aja, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Adokotala, anachirawa munawaona akuyenda?"

A Liwewe anayang'ananso maina aja. Anakumbukira kuti mabatani ankapezeka pachipatala cha m'tauni pokha. Masikuluwu ndiwo ankanyamula akamapita kukachita opareshoni ku zipatala za kutali. Anthu a batani ankakhala pafupi, a sikuluwu kuseri kwa mapiri.

Anasuntha tsiku la Esinati, natenga bukulo ulendo wofuna eni maina aja. Anapeza khumi ndi awiri. Ambiri analidi bwino. Koma pamsika wina anapeza a Tebulo, amene kale ankapalasa kabaza, atakhala pansi akumata machubu a anzawo.

"Bondo lili bwanji, bambo?"

"Lili bwino, adokotala. Munagwira ntchito."

"Nanga njinga ili kuti?"

A Tebulo anaseka pang'ono. "Ikupalasidwa ndi mlamu wanga. Ine ndikati ndiponde mwamphamvu, mwendo umakana."

A Liwewe anawagoneka pabenchi, nagwira m'munsi mwa bondo n'kukoka. Mwendo unabwera kutsogolo ngati dilowa la tebulo. Mtsempha uja unali utapulumuka kalekale.

"Bwanji simunabwere kudzatiuza?"

"Ndidzanene chiyani? Munthu mwachoka kutali kudzatithandiza, ine ndikubwerereni ndi dandaulo? Si ulemu umenewo."

Oterewa anapezeka atatu. A Liwewe atabwerera anafufuta mawu akuti "anachira" pa dzina la aliyense amene sanamugwire bondo, nalemba kuti "sitinamuonenso". Atawerenganso, kusiyana kwa njira ziwiri zija kunatsala kochepa kwambiri, kosakwanira kutayira ina.

Anaitana Esinati n'kumuuza zoona: "Yoposa inzake sindikuidziwa. Ndiona kulimba kwa fupa lanu ndi kukula kwa mtsempha, ndisankhire pamenepo. Koma chaka chonse muzibwera, kaya mukumva bwino kaya ayi. Mukapanda kubwera ndikulondolani kusukulu."

Anamuika batani. Patatha chaka anamukoka mwendo pabenchi, bondo osasuntha. Pamenepo m'pamene analemba kuti "anachira". Anatumizanso uthenga kwa a Tebulo kuti abwere adzawakonzenso, ngakhale zaka zitatu zosapalasa kabaza zinali zitapita kale.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mudzamva njira ina ikutamandidwa kuti ilibe madandaulo. Musatsutse ndipo musavomere msanga. Funsani kuti osadandaulawo amakhala kuti, ndipo ndani anawagwira bondo. Anthu athu ambiri amapirira mwaulemu, ndipo m'buku ulemuwo umaoneka ngati kuchira.